Laputopu ikuima pa logo ndipo WiFi siikuoneka, ndiye bodi yapsadi?

Funso ili lachokera kwa mphunzitsi wina wa ku Ngabu. Akuti: "Ndinagula laputopu ya HP yakale ku Limbe, Core i5, inabwera ndi Windows 10, kenako mwana wa achemwali anga anaikamonso Ubuntu pambali. Masiku ena ikumangoima pa logo ya HP osapitirira, makamaka masana. Ndikasankha Ubuntu ikumakhalitsa pa timadontho tija, ikalowa WiFi palibe pomwe mu Windows ikugwira. Wokonza wina wabwereza kuika Windows kawiri, pano akuti motherboard yapsa ndigule laputopu ina. Muli malikisi a ana ndi mayeso anga onse. Nditani?"

Madamu aphunzitsi, takhuta pofotokoza bwinobwino chonchi, ambiri amangolemba kuti "laputopu yafa" basi ngati ine ndine sing'anga woti ndiombeza. Choyamba khazikani mtima pansi. Motherboard, bodi yaikulu yamkati yomwe zonse zimalumikizidwapo, ikapsa siilowa mu Windows nkumakagwira WiFi, yopsa ndi yopsa, siidikira kuti dzuwa lifike paliwombo kaye. Sindikuti mnzanga wokonzayo ndi wakuba ai, kungoti ife okonzafe tili ndi kachizolowezi koipa, mutu ukaima timathamangira mawu awiri omwewo, "tifomate" ndi "bodi yapita".

Mmene ndawerengera ine, apa pali matenda atatu osiyana amene angogona pa mphasa imodzi, kuima pa logo, Ubuntu kukhalitsa ndi WiFi kusowa, ndipo kuti mudziwe wolakwa ndani muziyang'ana pomwe makinawo akuimira. Koma tisanamasule sikuluwu ndi imodzi yomwe, tsiku loyamba lomwe iyake bwino, kaya ndi mmamawa kusanatenthe, kopani malikisi ndi mayeso aja muike pa fulashi, ndipo ngati kabandulo kalipo muponyenso pa Google Drive olo mudzitumizire nokha pa email. Ndikunena izi chifukwa amene ndikumukaikira kwambiri ndi hadi disiki, ndipo disiki ikamafa siitsanzika.

Mukadina batani la pawa, Windows ndi Ubuntu, ma system awiri oyendetsa laputopu yanu, amakhala asanadzuke. Woyamba kudzuka ndi BIOS, pa makina atsopanoko amati UEFI, ndi kapulogalamu kokhala mu chip ya pabodi penipenipo osati pa disiki. Ntchito yake ndi yomwe mumachita inu mmawa mukalowa mkalasi, kuitana mayina mu rejisitala. RAM ulipo? Kiyibodi? Sikirini? Disiki? Nanga za mma USB? Kusiyana kwake nkoti inu mwana akapanda kuyankha mumangochonga absent nkupitirira, pomwe BIOS pena imaima nji kumudikira, makamaka uja woyankha mwachibwibwi, wosati wajomba koma wosatinso alipo. Logo ya HP mukuiona ija ndi nsalu chabe yobisa kuitana mayinaku. Ndiye mwaona chifukwa chake kufomata kawiri sikunathandize, pa nthawi imeneyo Windows siinafike nkomwe, zili ngati kukwapula mwana wa Sitandade 8 pa phokoso la ku Sitandade 1.

Yambani ndi zosalira ndalama. Zulani chilichonse chobayidwa, fulashi, dongle, mbewa, printer, ka memory card komwe kanaiwalika mu kabowo kam'mbali, foni yomwe mukutchaja pa laputopu. Fulashi yowonongeka olo foni yomweyo imatha kuimitsa BIOS pa logo chifukwa imayesa kuiwerenga ngati ndi disiki yoyatsira. Kenako chotsani chaja, ngati batire ndi yochotseka chotsaninso, dinikizani batani la pawa masekondi 30 kuti moto wotsalira pabodi uthe, bwezerani chaja yokha muyatse. Zikuoneka zachibwana eti, koma makina ambiri amene amabwera pa benchi yanga pa Nchalo pano atanyamulidwa pa kabaza mwini wake ali ndi nkhope ya maliro amadzuka ndi zimenezi basi.

Ikapitiriza khalidwe lake, mukangoyatsa dinani Esc mobwerezabwereza, HP imakupatsani menu. F10 ndi yolowera mu BIOS, F9 ndi yosankhira poyatsira, F2 ndi ya System Diagnostics. Kwa anzathu a Dell ndi F2 kulowa mu BIOS ndi F12 ya menu, ThinkPad ndi F1. Lowani F10 kaye muone deti ndi nthawi. Mukapeza ikunena chaka chakalekale pomwe munakonza dzulo, kabatire ka CMOS katha, kaja kangati ndalama yachitsulo, nthawi zambiri ndi CR2032 ya 3V, mu malaputopu ambiri imakhala yokutidwa ndi kapulasitiki ili ndi tiwaya tiwiri. HP pena imanena yokha, imalemba CMOS checksum ndi nambala 502. Kabatire kameneka kakatha BIOS imaiwala ma setting ake nthawi iliyonse, ndiye lero iyaka mawa ikana. Muli momwemo muonenso pa Boot Order kuti disiki yamkati ili pamwamba, osati USB kapena Network.

Tsopano F2, apa ndi pomwe ndikufuna mukhalepo. Sankhani test ya hard drive, yachidule kaye, imatenga mphindi zochepa. Ikalemba kuti Short DST failed nkukupatsani Failure ID yaitali ija, nkhani yatha, disiki ikupita. Ikadutsa musakondwe msanga, chitani yaitaliyo, ndipo muichite masana omwewo nthawi yomwe imakonda kuvuta osati 5 koloko mmawa ili yozizira. Gunditsaninso khutu pa malo oika manja pafupi ndi touchpad, mukamva ka "tiki tiki tiki" kobwerezabwereza kapena kulira ngati ikufuna kuzungulira nkusiya, imeneyo ndi disiki ikulephera kudzuka. Hadi disiki zakalezi mkati mwake muli mbale zozungulira maulendo 5400 pa mphindi ndi kasingano kouluka pamwamba pake osagunda, ndiye taganizani laputopu yoti inagwira kale ntchito zaka kunja isanafike ku Limbe, yatsika mapiri a ku Thabwa mu minibasi, tsiku ndi tsiku ikugubuduzika mu chikwama pa kabaza mwina ili pa sleep osati yozimitsidwa. Ingapirire mpaka liti?

Njira yomwe ine ndimaikhulupirira kuposa test iliyonse ndi yochotsa disikiyo nkuyatsa makina opanda disiki kangapo, kakhumi olo, masana dzuwa likuswa mtengo. Ikamadutsa logo mwachangu ulendo uliwonse nkulemba Boot Device Not Found ndi nambala 3F0, imeneyo ndi nkhani yabwino ngakhale ikuoneka ngati error, ikutanthauza kuti bodi ili moyo yaitana mayina onse yangosowa disiki. Wolakwa mwamupeza. Muike SSD, disiki yamakono, ya SATA ya 2.5 inch, ilibe chozungulira mkati ndiye za kabaza siziikhudza kwenikweni, ndipo makinawo adzathamanga mpaka mudzadabwa ngati ndi omwe aja. HP zina nzosavuta, kachitseko pansi basi, zina mpaka kutsegula chipansi chonse, ngati yanu ndi yoteroyo musalimbane nayo ndi mpeni wa kukhitchini, pitani nayo kwa wokonza koma mumuuze chochita inuyo muli pomwepo.

Ikaimabe pa logo disiki mulibe, wotsatira ndi RAM, kabodi kakang'ono ka memory. Kankhirani kunja tizitsulo tiwiri tam'mbali, imadzuka yokha, itulutseni, pukutani mano agolide aja ndi labala ya pensulo pang'onopang'ono, uzirani fumbi, bwezerani mpaka imveke kuti "tha". Ngati zilipo ziwiri yesani imodzi imodzi, ndi malo amodzi amodzi. Muyang'anenso kasitika kake, chifukwa ogulitsa ena akafuna kulemba 8GB pa mtengo amangotola RAM iliyonse mu katoni. Ma Core i5 ambiri a 4th generation amafuna DDR3L ya 1.35V, pa sitika pamalembedwa PC3L, ndiye wina akaikamo PC3 wamba ya 1.5V makina amachita za lero inde mawa ai, kapena osayaka nkomwe kumangophethira kanyali ka Caps Lock. Kuphethira kumeneko si kusewera, muwerenge kangati, HP imalankhula nanu momwemo sikirini ikakanika.

Nanga bwanji masana? Buku la HP lomwe limanena kuti laputopu zawo zizigwira ntchito pa malo otentha pakati pa 5°C ndi 35°C. Inu ndi ine tikudziwa kuti ku Ngabu mu Okutobala ndi Novembala 35 ndi ya kummawa, masana timadutsa 40 osafunsa, ndiye muonjezere ofesi ya malata opanda siling'i. Kunena zoona kutentha pakokha sikukonda kuimitsa makina pa logo, chomwe kumachita ndi kuwazimitsa mwadzidzidzi processor ikayandikira 100°C, mukayatsanso HP imakulemberani 90D, ndipo fani ikakhala yosazungulira imalemba 90B. Koma kutentha kumaulula chofooka, disiki yotopa kapena RAM yosagwira bwino mano imayamba kunama ikatenthedwa. Ndipo mafani a kuchigwa kuno ndi nkhani ina, ndikatsegula ndimapeza chibulangete chenicheni pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsira mpweya, fumbi losakanikirana ndi ulusi wa thonje, za kuno ku Nchalo mumakhalanso phulusa la nzimbe, tsiku lina ndinapeza banja lonse la mphemvu ndi mazira omwe kkkk. Itsukitseni, asinthe ndi thermal paste, phala lopaka pa processor lothandiza kuchotsa kutentha, musamaiike pa matiresi kapena pa chitenje, ikwezeni kumbuyo ndi tizitsekero ta mabotolo kuti mpweya uzidutsa pansi. Ndipo ngati inanyowako nthawi ya madzi osefukira aja, Ana mu 2022 kapena Freddy mu 2023, mundiuze poyera, chifukwa dzimbiri la matope limadya bodi pang'onopang'ono kwa miyezi, pamenepo mnzanga uja angakhale ndi mfundo.

Chaja ndingoikhudza pang'ono. HP zambiri zimafuna 19.5V ndipo pakati pa pini pali kasingano kolankhula ndi makina. Chaja za universal zamumsika zija, kuphatikiza inverter yotchipa ya sola, zimabweretsa zodabwitsa zambiri, touchpad kumadumpha yokha ndi zina. Yesani kuyatsa pa batire yokha muone ngati khalidwe lisinthe.

Tibwere ku matenda achiwiri, Ubuntu kukhalitsa pa timadontho tomwe timaoneka ikamayaka. Apa ndiye ndimaikondera Linux, banja lomwe Ubuntu imachokera, siibisa, mukaifunsa imakuuzani chomwe ikudikira. Timadontho tikamayenda dinani Esc, nsalu ija ichoka muona mizere ya zolemba. Kapena pa menu ya GRUB, pomwe mumasankha Ubuntu kapena Windows, dinani e, pezani mzere woyamba ndi linux, fufutani mawu akuti quiet splash, kenako F10. Musaope, izi ndi za ulendo umodzi wokha, mukayatsanso zibwerera mwakale. Ndiye yang'anani mzere womwe waimapo muujambule ndi foni.

Ndikhoza kubetcha fanta kuti muona zakuti "A start job is running for dev-disk-by-uuid" ndi kawotchi kowerenga mpaka 1min 30s. Ngati ndi choncho, vutoli analibweretsa ndi wofomata uja mosadziwa. Ubuntu ili ndi kafayilo kotchedwa /etc/fstab momwe inalemba ma partition ake onse, zigawo za disiki, osati ndi mayina koma ndi nambala yaitali yotchedwa UUID, ndipo partition ikafomatidwa kapena kufufutidwa nambala ija imasintha. Anyamata apakoleji akamaika Ubuntu amakonda kudula ka partition ka swap, kothandizira RAM ikadzaza, wokonza wa Windows akakaona sakadziwa amangokafufuta, ndiye Ubuntu tsiku lililonse imaima pa chipata masekondi 90 kudikira munthu woti anasamuka kalekale, ikatopa nkulowa. Kukonza kwake, tsegulani Terminal, pulogalamu yolembamo malamulo, mulembe sudo blkid muone ma UUID omwe alipodi, kenako sudo nano /etc/fstab, mzere womwe nambala yake siikupezeka mu blkid muikeni # kumayambiriro, Ctrl+O kusunga, Ctrl+X kutuluka. Chonde mzere wa / ndi wa /boot/efi musaukhudze. Ikanakhala partition ya mafayilo yomwe yasowa bwenzi ikukuponyani mu emergency mode, ndichifukwa ndikuganizira swap poti inu mukuti mapeto ake imalowa.

Mukapeza kuti si zimenezo, lembani systemd-analyze blame, ikundandalikirani chomwe chadya nthawi yambiri pamwamba. Ndipo mulembenso sudo dmesg muyang'ane ngati muli mizere yobwerezabwereza ya ata1 ndi I/O error, mukaiona imeneyo ndi mboni yachiwiri yotsutsa disiki ija, ndiye kuti matenda oyamba ndi achiwiri ndi pachibale. Kwa ena amene Ubuntu imangoda bii osalowa nkomwe, nthawi zambiri ndi graphics, makamaka makina a makadi awiri Intel ndi Nvidia kapena AMD, pa mzere womwe uja wa GRUB mumalemba nomodeset kuti mulowe kaye mukaike dirayiva yoyenera, kapena mumapita pa Advanced options nkusankha kernel (mtima wa Ubuntu) yakale ngati zayamba itangochita update. Pa intaneti mukumana ndi okuuzani kuti ikani acpi=off, imeneyo ine ndimaikana kupatula poyesera, chifukwa ACPI ndi yomwe imayang'anira batire, kuzimitsa ndi za kutentha, kuithimitsa kuchigwa kuno ndi kuchotsa mabuleki potsika Thabwa.

Za WiFi ndiye zosavuta kuposa zonse, poti mu Windows ikugwira ndiye kuti kakhadi ka WiFi ndi kamoyo, mawaya a antenna ali bwino, changosowa ndi womasulira, yemwe timati dirayiva. Yambani mwaona kabatani ka ndege kapena ka antenna pa mzere wa F, pa HP zambiri ndi F12, kanyali kake kakakhala ka orange ndiye kuti yathimitsidwa. Mu Terminal lembani rfkill list, ikati Soft blocked yes mulembe sudo rfkill unblock all, ikati Hard blocked yes ndi batani lija kapena setting ya mu BIOS. Kenako lspci -nnk, mufufuze pomwe palembedwa Network controller. Pamenepo muona dzina la kakhadi ndi nambala ziwiri zolekanitsidwa ndi timadontho tiwiri, yoyambayo ndi ya kampani, 8086 ndi Intel, 10ec ndi Realtek, 14e4 ndi Broadcom, 168c ndi Atheros. Pansi pake payenera kukhala mzere wa Kernel driver in use. Ukasowa, ndiye kuti Ubuntu ikumuona mlendoyo koma siikudziwa chilankhulo chake. Nambala zomwezi zimathandizanso mu Windows mukaona kachizindikiro kachikasu mu Device Manager, mumapita pa Details nkusankha Hardware Ids, pali VEN ndi DEV, mumafufuza zimenezo mmalo modawuniloda ma driver pack odzaza zinyalala aja.

Intel ndi Atheros nthawi zambiri zimangogwira zokha. Ovuta mu HP za zaka zimenezo ndi Broadcom, monga BCM43142, ndi ma Realtek ena. Ya Broadcom dirayiva yake si yotseguka ndiye Ubuntu siimangoiika yokha. Mufunika intaneti kuti mupeze intaneti, zoseketsa, koma njira ilipo, lumikizani foni ndi kebulo muyatse USB tethering, Ubuntu imaiona ngati waya wa netiweki popanda dirayiva ina. Tsegulani Software & Updates, pitani pa Additional Drivers, sankhani ya Broadcom, Apply, restart. Ikakanabe, wotsekereza amakhala Secure Boot, amakana dirayiva yopanda siginecha, ndiye mwina muithimitse mu F10, kapena poika paja ikakufunsani password muisunge, poyatsanso pabwera sikirini ya buluu musankhe Enroll MOK mulembe password yomweyo. Anthu ambiri sikirini ya buluu ija amaiopa amangodina Continue boot, ndiye dirayiva yalowa koma siiloledwa kugwira ntchito. Ikakhala Realtek RTL8723BE vuto lake limakhala lina, WiFi imaoneka koma yofooka mpaka mugunditse foni pa laputopu, chifukwa HP zina zinaikidwa antenna imodzi ndipo dirayiva ikumvetsera ku bowo lopanda waya, imakonzedwa ndi ant_sel=1 kapena ant_sel=2, ndidzakulemberani mzere wake mukatsimikiza kuti ndi imeneyo. Muonenso kuti mwanayo anaika Ubuntu iti, ngati ndi yakale ngati 18.04 bola kuika 24.04 yomwe inatuluka mu Epulo 2024 ndi kernel 6.8, makhadi ambiri omwe kale timalimbana nawo pano amangogwira.

Pali kena kamodzi komwe kamasokoneza anthu a ma system awiri, Fast Startup ya Windows, inayamba ndi Windows 8 mu 2012. Mukadina Shut down Windows siizima kwenikweni, imagona diso limodzi lili chipenyere, ndiye imatha kusiya kakhadi ka WiFi ndi partition yake zili zokiya, Ubuntu ikabwera ikupeza pakhomo potseka. Pitani Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do, chotsani chongi pa Turn on fast startup. Mwinanso WiFi ingabwerere ndi chimenechi chokha.

Wina akuuzani kuti ingochotsani Ubuntu mavuto athe. Ine sindingatero. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna chip ya chitetezo yotchedwa TPM 2.0 ndi processor ya Intel yoyambira 8th generation, zomwe HP yanuyo mwina ilibe, ndiye Ubuntu yomwe mukuiona ngati yovutayo ndi yomwe ingadzakusungireni makinawa zaka zikubwerazi, komanso ma virus a shortcut omwe amayenda pa mafulashi mu staff room saigwira. Mwana wa achemwali anuyo sanalakwitse, anangothawa ntchito isanathe.

Pochita zonsezi musinthe chinthu chimodzi, muyatse, muone, mulembe mu kope, kenako china. Mukasintha zisanu nthawi imodzi ikachira simudziwa chachiritsa, ikafa simudziwa chapha. Ndipo mu BIOS mukaona SATA mode yolembedwa AHCI kapena RAID, kapenanso Legacy ndi UEFI, musazitembenuze mwachisawawa, Windows idzakulandirani ndi sikirini ya buluu ya INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE kapena osapezeka nkomwe, zikatero ingobwezerani mmene zinalili.

Munditumizire zithunzi zinayi, sitika ya pansi pa laputopu pomwe pali model, zotsatira za hard drive test ya F2, mzere womwe Ubuntu yaimapo mutadina Esc, ndi za lspci zija. Mujambule masana mutazimitsa flash ya foni kuti zilembo ziwerengeke. Ngati test ya disiki yalephera musadikire yankho langa, musaiyatsenso mwachisawawa, kopani malikisi a anawo kaye, olo ikakana kulowa wokonza akhoza kuchotsa disikiyo nkuiika mu kabokosi ka USB mukakopere pa kompyuta ina.